Maboma asayina, anthu wamba akayikabe: m'mene Aluya amaonera a Netanyahu ndi chiyembekezo cha mtendere

Pa 13 Okutobala 2025, atsogoleri a maiko oposa 20 anasonkhana mu mzinda wa Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt kukachitira umboni mgwirizano woimitsa nkhondo ya ku Gaza, umene unali utayamba kugwira ntchito masiku atatu m'mbuyomo. Msonkhanowo anautsogolera ndi mtsogoleri wa dziko la Egypt a Abdel Fattah el-Sisi pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko la America a Donald Trump. Mtsogoleri wa boma la Palestine a Mahmoud Abbas analipo, koma nduna yaikulu ya dziko la Israel a Benjamin Netanyahu sanaoneke.

Ofesi ya a Netanyahu inati iwo alephera kupita chifukwa cha chikondwerero cha chipembedzo cha Chiyuda chimene chinali kuyamba madzulo a tsikulo. Koma nyumba zofalitsa nkhani zinalengeza kuti atsogoleri a maiko a Turkey ndi Iraq anali atachenjeza kuti sakhala nawo pa msonkhanowo ngati nduna yaikuluyo ibwera. Atsogoleriwa ankadziwa kuti chithunzi chowaonetsa ataima pafupi ndi a Netanyahu chikanakhala chovuta kuchifotokoza kwa anthu awo akabwerera kumudzi.

Zimenezi zikuonetsa vuto limene lakhala likusautsa ntchito yobweretsa mtendere m'chigawo cha Middle East kwa zaka zoposa 45. Maboma a Aluya amatha kusayina mapangano ndi Israel, kugula gasi, kutsegula maofesi a akazembe ndi kugawana nkhani za chitetezo, koma anthu wamba a ku Cairo, Amman, Rabat kapena Riyadh amayeza mtsogoleri wa Israel ndi muyeso umodzi wokha, umene ndi zomwe zikuchitikira anthu a ku Palestine. Pa muyeso umenewu, a Netanyahu, amene alamulira Israel nthawi yaitali kuposa nduna yaikulu ina iliyonse, sanapezepo chikhulupiriro cha Aluya.

Zimene kafukufuku wapeza

Kudziwa maganizo enieni a anthu m'maiko amene mulibe ufulu wokwanira woyankhula n'kovuta, komabe mabungwe angapo akhala akuchita kafukufuku kwa zaka zambiri ndipo zotsatira zawo zimafanana. Bungwe la Arab Center for Research and Policy Studies, limene likulu lake lili ku Doha m'dziko la Qatar, linapeza m'chaka cha 2022 kuti anthu 84 pa 100 alionse amene anafunsidwa m'maiko 14 a Aluya ankakana kuti maiko awo avomereze dziko la Israel. Kafukufuku wina wa bungwe lomweli, amene zotsatira zake zinatuluka mu Januwale 2024 nkhondo ya ku Gaza ili m'kati, anasonyeza kuti chiwerengerocho chinali chitakwera kufika pa 89. Ku Saudi Arabia kokha, okana anachoka pa 38 kufika pa 68 pa 100 alionse.

Bungwe la Arab Barometer nalo linapeza m'zaka za 2021 ndi 2022 kuti ku Egypt ndi ku Jordan, maiko awiri amene anayamba kusayina mtendere ndi Israel, anthu 5 okha pa 100 alionse ndi amene ankagwirizana ndi ubale woterowo. Ku Morocco, kumene boma linakonza ubale wake ndi Israel mu Disembala 2020, ogwirizana nawo anali 31 pa 100 alionse m'chaka cha 2022, koma nkhondo ya ku Gaza itabuka anatsika kufika pa 13.

Chofunika kuchimvetsa ndi zifukwa zimene anthuwo amapereka. Malinga ndi kafukufuku wa ku Doha uja, ambiri mwa okana amatchula kulandidwa kwa malo a anthu a ku Palestine, nkhanza zimene anthuwo amakumana nazo ndiponso mantha akuti Israel ikufuna kufutukula malire ake. Amene amatchula chipembedzo ndi ochepa. Izi zikugwirizana ndi zimene katswiri wa pa sukulu ya ukachenjede ya Maryland ku America, a Shibley Telhami, anapeza pa kafukufuku amene ankachita m'maiko asanu ndi limodzi a Aluya m'zaka za m'ma 2000. Pa kafukufuku wawo wa 2010, anthu ochuluka zedi anati ndi okonzeka kukhala mwamtendere ndi Israel ngati dzikolo litabweza malo onse amene linalanda pa nkhondo ya 1967, kuphatikizapo kum'mawa kwa Jerusalem. Koma oposa theka la ofunsidwawo anaonjeza kuti sakhulupirira kuti Israel ingawabweze malowo mwaufulu. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mluya wamba sakana mtendere, koma amakayika ngati munthu amene ali pampando ku Israel akuufunadi.

Mtendere wa maboma okhaokha

Dziko la Egypt ndilo chitsanzo chakale kuposa zonse. Mu Novembala 1977, mtsogoleri wa dzikolo a Anwar Sadat anadabwitsa dziko lapansi pamene anapita ku Jerusalem ndi kukayankhula m'nyumba ya malamulo ya Israel. Zokambirana za ku Camp David mu Seputembala 1978 zinabala pangano la mtendere limene a Sadat ndi nduna yaikulu ya Israel a Menachem Begin anasayina pa 26 Malichi 1979. Egypt inalandiranso dera lake la Sinai, limene asilikali a Israel anamaliza kutulukamo mu Epulo 1982. Mtengo wake unali wowawa: maiko a Aluya anaimitsa Egypt m'bungwe lawo la Arab League kwa zaka khumi, likulu la bungwelo linasamukira ku Tunis, ndipo a Sadat anaphedwa ndi asilikali ena a dziko lawo lomwe pa 6 Okutobala 1981.

Pangano limenelo silinaswekepo kufikira lero, koma silinalowe m'mitima ya anthu. Mabungwe a atolankhani, madokotala, maloya ndi alembi ku Egypt amaletsa mamembala awo kuchita ubale ndi anzawo a ku Israel. Mtsogoleri wa mpingo wa Coptic, Papa Shenouda III, analetsa Akhristu a mpingo wake kupita ku Jerusalem kufikira nkhani ya Palestine itakonzedwa. Mlembi wa masewero a Ali Salem, amene anapita ku Israel pa galimoto m'chaka cha 1994 n'kulemba buku la ulendo wakewo, anasalidwa kwa zaka zambiri ndipo anachotsedwa m'bungwe la alembi. Mu 2016, phungu wa nyumba ya malamulo a Tawfik Okasha anagendedwa ndi nsapato ndi phungu mnzawo, kenaka anachotsedwa m'nyumbayo, chifukwa choitanira kazembe wa Israel ku chakudya kunyumba kwawo. M'Chiarabu muli mawu akuti tatbi, otanthauza kukhala ndi Israel ngati dziko lina lililonse, ndipo kwa anthu ambiri mawuwa ndi chitonzo.

Komabe malonda a maboma ndi makampani akuluakulu sanaime. Mu Ogasiti 2025, nkhondo ya ku Gaza isanathe, kunalengezedwa mgwirizano wa ndalama zokwana madola 35 biliyoni wogulitsa gasi wa ku Israel ku Egypt. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: oonera patali amaona maiko awiri ogwirizana, koma m'kati mwake muli anthu amene sanavomerezepo mgwirizanowo.

Ku Jordan nkhani yake ndi yomweyo, koma ndi yowawa koposa chifukwa m'dzikolo muli anthu oposa 2 miliyoni a ku Palestine olembedwa m'kaundula wa othawa kwawo wa bungwe la United Nations. Pangano la mtendere linasayinidwa ku Wadi Araba pa 26 Okutobala 1994, m'nthawi ya Mfumu Hussein ndi nduna yaikulu a Yitzhak Rabin. Anthu analonjezedwa madzi, ntchito ndi alendo odzacheza. Zina mwa izo zinabweradi, koma pamene boma linasayina mgwirizano wogula gasi wa ku Israel mu 2016, anthu anachita zionetsero m'misewu ya Amman, ndipo ena ankazimitsa magetsi m'nyumba zawo posonyeza kukwiya. Mu 2018 Mfumu Abdullah II inakana kuonjezera nthawi imene alimi a ku Israel ankaloledwa kulima m'madera a Baqura ndi Ghamr, ndipo anthu a m'dzikolo analandira chigamulocho ndi chimwemwe.

Mlandu suola

Aluya wamba amakumbukira mbiri ya mtsogoleri aliyense wa Israel kuyambira kale asanakhale pampando. A Begin analandira mphoto ya mtendere ya Nobel pamodzi ndi a Sadat mu 1978, koma kwa Aluya iwo anali mtsogoleri wa gulu la Irgun, limene linatenga nawo mbali pa kuphedwa kwa anthu a m'mudzi wa Deir Yassin mu Epulo 1948. Zimene zinatsatira pangano la 1979 zinaonjezera chikaiko. Mu 1980 Israel inakhazikitsa lamulo lakuti Jerusalem yense ndi likulu lake, mu 1981 inaphulitsa malo a nyukiliya a dziko la Iraq ndi kuika mapiri a Golan pansi pa malamulo ake, ndipo mu Juni 1982 inalowa m'dziko la Lebanon. Anthu ambiri ku Egypt anaona ngati kuchoka kwa dziko lawo pa mzere wa nkhondo kunangomasula manja a Israel kuti imenye ena.

A Ariel Sharon ndiwo anasenza mbiri yolemera kuposa onse. Mu Seputembala 1982, asilikali a gulu la Phalange la ku Lebanon, amene anali pa ubale ndi Israel, anapha anthu mazana ambiri m'misasa ya Sabra ndi Shatila ku Beirut, asilikali a Israel atazinga misasayo. Komiti yofufuza ya Kahan, imene boma la Israel lomwe linakhazikitsa, inapeza mu 1983 kuti a Sharon, amene anali nduna ya chitetezo, anali ndi mlandu wonyalanyaza chiopsezo chimene chinali choonekeratu, ndipo iwo anatula pansi udindowo. Ulendo wawo wa ku bwalo la mzikiti wa Al-Aqsa pa 28 Seputembala 2000 unatsatiridwa ndi kuukira kwachiwiri kwa anthu a ku Palestine. Choncho pamene mtsogoleri wa America a George W. Bush anawatchula kuti ndi munthu wamtendere mu Epulo 2002, Aluya ambiri anamva ngati akunyozedwa.

Ngakhale pamene a Sharon anachotsa Ayuda pafupifupi 8,000 m'midzi 21 ya ku Gaza mu 2005, maganizo a anthu sanasinthe kwenikweni. Iwo anachita zimenezo paokha, popanda pangano ndi boma la Palestine, pamene ntchito yomanga midzi ya Ayuda ndi chipupa cholekanitsa ku West Bank inali kupitirira. Aluya ambiri anati nkhalambayo yataya fupa kuti isunge nyama.

Mtsogoleri mmodzi yekha ndi amene anasonyeza kuti maganizo a Aluya angathe kufewa. A Rabin anali nduna ya chitetezo pa kuukira koyamba kwa 1987, ndipo dzina lawo linkakumbutsa anthu za asilikali othyola mafupa a achinyamata oponya miyala. Koma atagwirana chanza ndi a Yasser Arafat ku Washington pa 13 Seputembala 1993, zitseko zinayamba kutseguka. Maiko a Morocco, Tunisia, Oman ndi Qatar anatsegula maofesi a ubale kapena a malonda ndi Israel m'zaka zotsatira. Myuda wotsutsa mapanganowo, Yigal Amir, atawapha pa 4 Novembala 1995, Mfumu Hussein ndi mtsogoleri wa Egypt a Hosni Mubarak anapita ku maliro awo ku Jerusalem. Chimene chinasintha si mbiri ya a Rabin, koma kuti anthu anaona asilikali a Israel akutuluka mu mzinda wa Jericho ndi mbali yaikulu ya Gaza, ndiponso a Arafat akubwerera kwawo mu 1994. Phunziro limene Aluya ambiri anatengapo pa imfa imeneyi linali lomvetsa chisoni, lakuti mtsogoleri wa Israel amene angayese kubweza malo sakhalitsa.

A Netanyahu pamaso pa Aluya

A Netanyahu anakhala nduna yaikulu koyamba mu 1996, patangopita miyezi yochepa a Rabin ataphedwa, atachita kampeni yodzudzula mapangano a Oslo. Chaka chotsatira, akazitape a Israel anayesa kupha mkulu wa gulu la Hamas a Khaled Mashal ndi poizoni m'misewu ya Amman. Mfumu Hussein inakwiya kwambiri moti inaopseza kuthetsa pangano la mtendere, ndipo a Netanyahu anakakamizika kutumiza mankhwala opha mphamvu ya poizoniyo ndi kutulutsa m'ndende woyambitsa gulu la Hamas, Sheikh Ahmed Yassin. Kwa anthu a ku Jordan, nkhaniyi inakhala umboni wakuti munthuyu salemekeza ngakhale dziko limene lili naye pa mtendere.

Atabwerera pampando mu 2009, iwo anayankhula pa sukulu ya ukachenjede ya Bar-Ilan kuti angavomereze dziko la Palestine lopanda gulu la nkhondo. Koma mu Malichi 2015, kutatsala tsiku limodzi kuti chisankho chichitike, ananena kuti dziko loterolo silidzakhazikitsidwa iwo ali pampando. Pa tsiku la chisankholo anachenjeza otsatira awo kuti Aluya amene ndi nzika za Israel akukhamukira kokaponya voti. Mu Julayi 2018, boma lawo linakhazikitsa lamulo lakuti ufulu wodzilamulira m'dziko la Israel ndi wa Ayuda okha, ndipo chiyankhulo cha Chiarabu chinatsitsidwa pa udindo wake ngati chiyankhulo cha boma, ngakhale kuti munthu mmodzi mwa asanu alionse m'dzikolo ndi Mluya.

Mfundo yaikulu ya a Netanyahu yakhala yakuti Israel ingathe kugwirizana ndi maiko a Aluya popanda kuyamba yathetsa nkhani ya Palestine. Mu Seputembala 2020 zinaoneka ngati mfundoyo yapambana, pamene maiko a United Arab Emirates ndi Bahrain anasayina mapangano otchedwa Abraham Accords ku Washington, ndipo Morocco ndi Sudan anatsatira. Ndege zinayamba kuuluka pakati pa Tel Aviv ndi Dubai, malonda anakula. Koma pa mpikisano wa mpira wa miyendo wa padziko lonse ku Qatar mu 2022, ochemerera ochokera m'maiko a Aluya ankakana kuyankhula ndi atolankhani a ku Israel, ndipo osewera a timu ya Morocco anakweza mbendera ya Palestine atagonjetsa Spain. Bwalo la mpira linaulula zimene nyumba zachifumu zinkabisa.

Mu Seputembala 2023, miyezi isanu ndi inayi atabwereranso pampando ndi boma logwirizana ndi zipani za a Itamar Ben-Gvir ndi a Bezalel Smotrich, a Netanyahu anaonetsa ku msonkhano waukulu wa United Nations mapu a chigawochi amene sanasonyeze West Bank kapena Gaza ngati madera apadera. Patapita masabata awiri, pa 7 Okutobala 2023, gulu la Hamas linathira nkhondo kum'mwera kwa Israel, kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndi kugwira ena pafupifupi 250 n'kupita nawo ku Gaza. Nkhondo imene inatsatira inapha anthu oposa 70,000 pofika kumapeto kwa 2025, malinga ndi unduna wa zaumoyo ku Gaza, ndipo pafupifupi anthu onse a m'deralo anathawa m'nyumba zawo.

Mu Novembala 2024, khoti la padziko lonse lozenga milandu ya nkhondo la ICC ku The Hague linatulutsa chikalata chomangira a Netanyahu ndi amene anali nduna yawo ya chitetezo a Yoav Gallant. Boma la Israel limakana milanduyo ndipo limati linkamenya nkhondo yodziteteza kwa mdani amene amabisala pakati pa anthu wamba. Koma Aluya sanadikire khoti kuti liweruze. Kuyambira pamene kanema wa Al Jazeera anayamba kuulutsa mu 1996, maboma analephera kusefa zimene anthu awo amaona, ndipo masiku ano zithunzi za ana ofera m'mabwinja zimafika pa foni ya munthu aliyense pasanathe ola. M'maiko amene zionetsero zimaletsedwa, anthu anaonetsa mkwiyo wawo ponyanyala katundu wa makampani monga McDonald's ndi Starbucks, ndipo ku Egypt chakumwa chakale cha Spiro Spathis chinapezanso msika.

Zochitika ziwiri za mu 2025 zinakhudza ngakhale Aluya amene kale ankaona nkhani ya Palestine ngati ya kutali. Mu Ogasiti, a Netanyahu anauza kanema wina wa ku Israel kuti amagwirizana ndi masomphenya a Israel wamkulu, mawu amene maiko 31 a Aluya ndi a Chisilamu anadzudzula m'chikalata chimodzi. Pa 9 Seputembala, ndege za Israel zinaphulitsa nyumba ina mu mzinda wa Doha pofuna kupha atsogoleri a Hamas, ngakhale kuti Qatar inali mkhalapakati wa zokambirana ndipo imasunga malo aakulu a asilikali a America. Kumapeto kwa mwezi womwewo a Netanyahu anapepesa nduna yaikulu ya Qatar pa telefoni ali ku White House, koma anthu a m'maiko a ku Gulf anali ataona kale kuti mabomba angathe kugwa pakhomo pawo.

Aluya saganiza chimodzimodzi

Kungakhale kulakwa kuganiza kuti anthu oposa 400 miliyoni a m'maiko 22 a Arab League ali ndi mtima umodzi pa zonse. Kudana ndi a Netanyahu sikutanthauza kukonda adani awo. Anthu ambiri a ku Syria sanaiwale kuti dziko la Iran ndi gulu la Hezbollah anathandiza boma la a Bashar al-Assad, limene linagwa mu Disembala 2024, kupha nzika zake. Ku Lebanon kuli anthu amene amadzudzula Hezbollah chifukwa chokokera dziko lawo m'nkhondo. Ku Gaza komwe, mu Malichi 2025, anthu a ku Beit Lahia anachita zionetsero zotsutsa Hamas. Kafukufuku wa bungwe la a Khalil Shikaki ku Ramallah wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti anthu ochuluka a ku Palestine amafuna kuti a Abbas, amene anasankhidwa mu 2005, atule pansi udindo.

M'kati mwa Israel momwemo, chipani cha Aluya cha Ra'am, chotsogoleredwa ndi a Mansour Abbas, chinalowa m'boma la mgwirizano la a Naftali Bennett ndi a Yair Lapid mu Juni 2021, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Ochitsatira ankafuna misewu, nyumba ndi apolisi othana ndi uchigawenga m'midzi yawo. Izi zikusonyeza kuti pamene pali phindu looneka ndi maso, Aluya wamba amalolera kugwira ntchito ndi atsogoleri a Israel.

Ndi zoonanso kuti chikaiko chili mbali zonse ziwiri. Anthu a ku Israel amakumbukira mabasi amene anaphulitsidwa ndi anthu odzimangirira mabomba m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000, mizinga yochokera ku Gaza Hamas italanda deralo mu 2007, ndiponso tsiku la 7 Okutobala. Amaonanso mawu achidani pa Ayuda onse amene amamveka pa nyumba zina zofalitsa nkhani za Aluya. Mu Julayi 2024, nyumba ya malamulo ya Israel inavomereza ndi mavoti 68 kwa 9 chigamulo chokana dziko la Palestine, ndipo ena mwa ovomerezawo anali a chipani chotsutsa cha a Benny Gantz. Choncho amene amaganiza kuti kusintha kwa munthu mmodzi pampando kungathetse zonse akhoza kukhumudwa.

Kodi chiyembekezo chilipo?

Maiko a Aluya anaika kale poyera mtengo wa mtendere. Pa msonkhano wa Arab League ku Beirut mu Malichi 2002, anavomereza ganizo la Kalonga Abdullah wa ku Saudi Arabia, amene pambuyo pake anakhala mfumu, lakuti maiko onse a Aluya akhale pa ubale wathunthu ndi Israel ngati dzikolo litachoka m'malo amene linalanda mu 1967, kulola dziko la Palestine lokhala ndi likulu kum'mawa kwa Jerusalem, ndi kupeza njira yachilungamo pa nkhani ya othawa kwawo. Ganizoli linafika pa nthawi yoipa, chifukwa pa tsiku loyamba la msonkhanowo bomba linapha anthu 30 mu hotela ina ku Netanya, ndipo a Sharon anatumiza asilikali m'mizinda ya West Bank. Linabwerezedwanso ku Riyadh mu 2007, koma palibe boma la Israel limene linalivomereza lonse.

Dziko la Saudi Arabia ndilo likuonetsa bwino mphamvu ya maganizo a anthu wamba ngakhale kumene kulibe chisankho. Mu Seputembala 2023, Kalonga Mohammed bin Salman anauza kanema wa Fox News kuti dziko lake likuyandikira tsiku ndi tsiku ku mgwirizano ndi Israel. Patatha chaka chimodzi, iye analengeza kuti sipadzakhala ubale wa akazembe popanda dziko la Palestine loima palokha, ndipo ali ku Washington mu Novembala 2025 anabwereza kuti akufuna njira yooneka bwino yopita ku maiko awiri. Mapanga awiri avumbwitsa: atsogoleri a Aluya akufuna zida ndi chitetezo cha America, koma akukumbukiranso mapeto a a Sadat ndi zipolowe zimene zinagwetsa maboma mu 2011.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko la Malawi, limene linasunga ubale wake ndi Israel ngakhale mu 1973 pamene maiko ambiri a mu Africa anauthetsa, linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu Epulo 2024, ndipo kuyambira mu Novembala 2023 linayamba kutumiza achinyamata kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Chitetezo cha ana athu amenewa chimadalira bata la chigawo chonsecho.

Mu Seputembala 2025, maiko a Britain, France, Canada ndi Australia anavomereza dziko la Palestine, ndipo a Netanyahu anayankha kuti dziko lotero silidzakhalapo kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan. Mwezi umodzi m'mbuyomo, boma lawo linali litavomereza kumanga nyumba zoposa 3,000 m'dera la E1, kum'mawa kwa Jerusalem, ntchito imene ingadule West Bank pakati. Pamene mapangano a Oslo ankasayinidwa mu 1993, Ayuda okhala m'midzi ya ku West Bank, kupatula kum'mawa kwa Jerusalem, anali pafupifupi 110,000. Patatha zaka 30 anali atafika pafupifupi 500,000. Mluya wamba amawerenga ziwerengero zimenezi kuposa mawu a pa misonkhano.

Mbiri ya zaka za a Rabin ikusonyeza kuti mitima ya Aluya imatha kusintha, ndipo imasintha pamene anthu aona malo akubwezedwa, zotchinga za pamsewu zikuchotsedwa ndi akaidi akubwerera kwawo. Mbiri ya Egypt ndi Jordan nayo ikusonyeza kuti pangano losayinidwa popanda zinthu zimenezi limatha kuletsa nkhondo pakati pa magulu a asilikali, koma silibala ubwenzi pakati pa anthu. Bungwe la United Nations linanena mu Okutobala 2025 kuti kumanganso Gaza kudzafuna ndalama pafupifupi madola 70 biliyoni. Aluya wamba adzaweruza a Netanyahu, ndi aliyense wodzalowa m'malo mwawo, poona ngati simenti ikulowa ku Gaza ndiponso ngati ntchito yomanga midzi yatsopano m'mapiri a West Bank yaima.